Akakonza tauni ya Joni, osaukafe tikagona kuti?

Akonzi,

Ndithokoze kaye pondipatsa danga. Ine ndine Mmalawi, ndimakhala kuno ku Johannesburg, ntchito yanga ndi yopenta nyumba ndipo nyuzi yanu ndimaiwerenga pa foni. Ndalemba kalatayi chifukwa cha nkhani ya malo ogona m'tauni muno imene ikutha abale athu koma kumudzi sikambidwa bwinobwino, anthu amangodziwa kuti mwana wa uje ali ku Joni, amatumiza marandi, anamangitsa nyumba ya malata, basi. Akaona chithunzi pa Facebook mnyamata wayima pa Gandhi Square kumbuyo kwake nyumba zitalizitali amati uyu zake zinayera, osadziwa kuti zina mwa nyumba zimenezo mulibe magetsi, mulibe madzi, mulibe chimbudzi chogwira ntchito ndipo mnyamatayo amagona momwemo. Andale akuno chaka ndi chaka amalonjeza kuti nyumba zosiyidwa tizilanda, tauni tiyikonza idzukenso. Olo President Cyril Ramaphosa mu March 2025 anadandaula poyera kuti mzindawu sukuoneka bwino pomwe alendo a msonkhano wa G20 akubwera. Kukonza tauni palibe amakana ayi. Funso langa ndi lakuti akamati tikonza, anthu amene ali m'nyumbazo amawawerengera kapena amangoona makoma okha?

Nyumbazitu sizinayambe zili mabwinja. Nthawi ya tsankho pakati pa tauni panali pa azungu, lamulo la Group Areas la 1950 linkaletsa munthu wakuda kukhala ku Hillbrow, Berea kapena Joubert Park, iwe kwanu kunali ku Soweto kapena ku hositelo, m'tauni unkabwera kudzagwira ntchito dzuwa likalowa uzipita. Chakumapeto kwa ma 1970 ndi m'ma 1980 anthu anayamba kulowa mozemba, kuchita lendi m'dzina la mzungu, kenako lamulo la mapasi linatha mu 1986, la Group Areas mu 1991, nde azungu ndi makampani awo ananyamula katundu ulendo wa kumpoto, ku Sandton, ku Rosebank, ku Midrand. Hotela ya Carlton imene kunkafikira akuluakulu inatsekedwa chakumapeto kwa ma 1990, msika wa masheya wa JSE unasamukira ku Sandton mu 2000. Mabanki anayamba kukana ngongole yogulira kapena kukonzera nyumba m'madera amenewa. Eni nyumba ena anangokhoma n'kumapita, ena anapitiliza kutolera lendi koma osalipira madzi ndi magetsi ku khonsolo mpaka khonsolo kudula, ena anamwalira ana awo ali kunja alibe nazo ntchito. M'ma flat momwe aliyense anagula chipinda chakechake, eni ambiri atasiya kusonkha ndalama yokonzera chikepe, yolipira mlonda ndi yotayira zinyalala, nyumba yonse inkangofa pang'onopang'ono. Ponte, ija yozungulira ya nsanjika 54 mumaiona pa zithunzi, nthawi ina zinyalala zinaunjikana m'kati mwake mpaka kukwera nsanjika zingapo.

Tsono munda ukausiya tsala pafupi ndi mudzi wa anthu opanda minda usadabwe kupeza wina wadzalamo chimanga. Nyumba ya nsanjika 8 ili pakati pa tauni, pafupi ndi Park Station, pafupi ndi maganyu onse, siingakhale yopanda anthu pomwe anthu akugona pansi pa milatho. Wina amathyola loko, wachiwiri amalowa, pakutha pa chaka mwadzaza.

Ndinakhalamo m'nyumba yotere nditangofika kumene nde ndikunena zimene maso angawa anaona. Kale inali ya maofesi, pa chitseko china panali pakadali kachikwangwani ka kampani ya inshulansi. Nsanjika yonse anaigawa ndi mabodi, makatoni, zitseko zakale, mapulasitiki akuda, ena kungopachika nsalu, tizipinda toti ukagona mapazi akugunda bodi la mnzako, akatsokomola umamva, akamakangana ndi akazi ake nkhani yonse umaidziwa. Pa masitepe mdima wokhawokha olo masana, umakwera tochi ya pa foni kumanzere ndowa ya madzi kumanja, madziwo wakatunga pansi pa paipi ya ozimitsa moto. Magetsi ndi olumikiza mwakuba aja akuno amati izinyoka, mawaya osakutira akulendewera pamutu. Kuphika ndi pa palafini kapena kasitovu ka mbale imodzi, ikafika nyengo yozizira ya June ndi July anthu amayatsa mbaula m'kati momwemo mawindo atamata ndi makatoni. Khomo lothawira pakabuka moto anamangapo chipinda cha munthu sinanga malo aliwonse ndi ndalama, ndipo geti ya pansi usiku ankaikhoma ndi tcheni poopa akuba. Kumapeto kwa mwezi kunkabwera anyamata ndi kabuku, upereke R800 kaya R1,000, risiti palibe, ukafunsa kuti kodi mwini nyumba ndi ndani amangokuyang'ana ndipo sufunsanso kachiwiri.

Anthu ake si mbava zokhazokha monga amanenera pa TV. Mbava zilimo, osuta mankhwala ozunguza bongo a nyaope alimo, sindikukana, koma ambiri ndi alonda, azimayi ochapa ndi kulera ana m'nyumba za anthu, ogulitsa tomato ndi makaunjika m'misewu, otola mabotolo ndi makatoni amene mumawaona akukoka matrole m'bandakucha, anyamata a pa saiti ngati ine. Ndipo si alendo okha ayi, eni dziko ochokera ku KwaZulu-Natal ndi ku Eastern Cape alimo ambirimbiri, umphawi wawo ndi wathu sumasiyana.

Wina anena kuti bwanji osapita ku lokeshoni komwe malo ndi otchipa. Yankho lake ndi thiransipoti. Boma lakuno chiyambire 1994 lamanga nyumba zaulere za anthu osauka, zotchedwa RDP, zambiri zedi, pamenepo tisawanamizire, koma zambiri anazimanga kutali ndi tauni komwe malo anali otsika mtengo, monga ku Orange Farm komwe ndi makilomita oposa 40 kuchoka pakati pa Joni. Munthu wa ganyu wosadziwa ngati mawa adzagwira kapena ayi sangakwanitse kukwera taxi ziwiri kupita ziwiri kubwera tsiku lililonse, ndalama yonse ithera pa mseu, nde bola agone mu mdima koma m'mawa ayende wapansi kukayima pa kona pomwe mabwana amatola anthu. Komanso RDP ndi ya nzika kapena amene ali ndi chilolezo chokhazikika, banja lopeza zosapitilira R3,500 pa mwezi, ndipo ngakhale eni dzikowo amadikira zaka ndi zaka pa mndandanda. Ifeyo sitiyipempha n'komwe.

Ndiye panafika usiku wa pa 31 August 2023. Nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, ya nsanjika 5, inagwira moto cha m'ma 1 koloko usiku ndipo anthu 76 anafa, ana 12 ali momwemo. A Malawi anzathu anali ambiri pa anthu akufawo, ena Atanzania, ena eni dziko. Anthu ankadumpha pa mawindo, ena kumanga mabulangeti kuti atsike, ndipo mitembo yambiri inapezeka itaunjikana pa geti yokhoma. Yambiri inapsa moti kuti adziwe kuti uyu ndani panafunika DNA, abale kumudzi akudikira pa foni masabata osadziwa kuti alire kapena ayembekeze. Amene tinali kuno masiku amenewo magulu a WhatsApp anangodzaza ndi zithunzi za anthu osowa ndi mauthenga a chopereka cha maliro.

Chimene chimandiwawa, Akonzi, n'chakuti nyumba imeneyi mwini wake sanali mzungu wothawira kunja ayi. Inali ya khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, yoyang'aniridwa ndi kampani yake ya Johannesburg Property Company. Inamangidwa m'ma 1950 ngati ofesi ya mapasi komwe anthu akuda ankafola kuti awadindire chilolezo chokhala m'tauni, pambuyo pake anaibwereketsa ku bungwe losunga amayi ndi ana othawa nkhanza, ndiye dzina la Usindiso linachokera kumeneko. Bungwelo litafooka anthu ena analowa n'kuyamba kumanga tizisakasa m'kati. Nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng a Panyaza Lesufi anakhazikitsa komishoni yotsogozedwa ndi a Sisi Khampepe, jaji wopuma wa khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Mu January 2024 bambo wina anauza komishoniyo kuti motowo anayatsa ndi iye pofuna kubisa mtembo wa munthu amene anamupha, ambiri anati eya nkhani yatha wapezeka wolakwa. Koma lipoti la mu May 2024 linanena mosabisa kuti khonsolo ndi kampani yake ali ndi gawo pa imfa zimenezi, chifukwa ankadziwa m'mene nyumbayo inalili kuyambira 2019 koma malamulo awo omwe a chitetezo cha moto, madzi ndi zinyalala sanawatsate. Munthu m'modzi akhoza kuyatsa machesi, koma kuti anthu 76 alephere kutuluka ndiye kuti makomo anali otseka, zozimitsira moto munalibe ndipo m'makonde munadzaza mabodi. Ndipo chenjezo linalipo kale, mu 2017 nyumba ya Cape York inapsa anthu 7 anafa, mu 2018 nyumba ya boma ya Bank of Lisbon inapsa ozimitsa moto atatu anafa.

Opulumuka aja anawasunga kaye m'maholo, kenako anawapititsa ku tizisakasa ta malata ku Denver, ena opanda mapepala anawagwira ulendo wa ku Lindela komwe amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Munthu wataya mkazi, wataya mwana, pasipoti yapsera momwemo, kenako akufunsidwa pasipoti yomweyo.

Tsopano tione njira zimene ayesa. Yoyamba ndi ya zipolopolo ndi mavani, kubwera m'bandakucha, kuthyola zitseko, kutulutsa aliyense panja, kufunsa mapepala, kujambulitsa pa TV. Nthawi ya a Herman Mashaba, meya wa 2016 mpaka 2019, zimenezi zinachuluka kwambiri ndipo iwo ankakonda kuloza chala alendo opanda mapepala. Anthu okhala m'nyumba zingapo anakasuma mothandizidwa ndi maloya a bungwe lomenyera ufulu wa osauka la SERI ndipo mu 2021 khothi lalikulu lija linagamula kuti mbali ya lamulo la apolisi imene inkalola kuchita chipikisheni m'nyumba za anthu popanda chilolezo cha khothi ndi yosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma olo tisiye za malamulo, tingofunsa kuti chipikisheni chinakonzapo paipi ingati? Mavani akachoka madzulo anthu amabwerera momwemo, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano chitseko ndi chothyoka.

Njira yachiwiri ndi yopereka nyumba kwa amalonda kuti azikonze. Boma linaika chilimbikitso cha msonkho kwa okonza nyumba m'kati mwa tauni kuyambira cha m'ma 2004, a Mashaba nawo anatulutsa nyumba ndi malo ambiri a khonsolo kuti makampani apikisane. Apa ndiyankhule chilungamo, pali zina zinayenda. Ponte inatsukidwa anthu akukhalamo bwinobwino. Johannesburg Housing Company inamanga Brickfields ku Newtown, malo abwino, ana amasewera m'kati mwa mpanda. Bungwe la ngongole za nyumba la TUHF limabwereketsa ndalama kwa anthu wamba ofuna kugula kanyumba kamodzi n'kukakonza, zimene mabanki akuluakulu ankakana. Ku Maboneng kumene kunali mafakitale akale kunasanduka kwa khofi, zojambulajambula ndi alendo ojambula zithunzi kuyambira 2009, olo kuti kampani imene inayambitsa inadzagwa nyumba zake n'kugulitsidwa pa okishoni. Pafupi pomwepo pali Jewel City, maofesi akale a malonda a dayamondi anasanduka ma flat. Mu 2019 khonsolo inaikanso lamulo lakuti womanga nyumba zokwana 20 kapena kuposa apatule 30 peresenti ikhale ya anthu opeza zochepa. Zonsezi ndi zabwino ndipo ife apenta tadyapo.

Koma ndikuuzeni zimene zimachitika nyumba ikatha kukonzedwa. Ndinagwirapo ganyu pa nyumba ina ya maofesi akale imene ankaisandutsa tizipinda ta lendi, tinapala makoma akuda ndi utsi wa palafini, tinachotsa misomali ya mabodi a anthu amene ankakhalamo, pa khoma lina panali ma ABC amene mwana analemba ndi makala, tinapaka zoyera zonse. Titamaliza ndinati ndifunseko chipinda chimodzi poti ndachikonza ndekha. Mtsikana wa pa ofesi mwaulemu ndithu anandiwerengera zofunika, ID kapena pemiti, payslip, sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu, dipoziti ya mwezi wathunthu, ndalama ya fomu, magetsi ndi madzi pambali, ndipo malipiro ako akhale opitilira lendiyo katatu. Ine ndimalipidwa pamanja Lachisanu, payslip ndiitenga kuti? Ndipo vuto limeneli si la ine mlendo ndekha, mayi wa ku Umlazi wogulitsa magwinya, mandasi akuno, pa renki ID ali nayo koma payslip alibe. Nde anthu amene anatulutsidwa m'nyumba imeneyo anapita kuti? Sanakwere basi kubwerera kwawo ayi, anawoloka mseu n'kukalowa m'nyumba ina ya mdima, mmene munali anthu 200 mukhala 400, geti ndi imodzi yomweyo.

A SERI omwewo anafufuza mu 2013 n'kupeza kuti pafupifupi theka la mabanja a m'kati mwa tauni ankapeza ndalama zosakwana R3,200 pa mwezi. Werengani nokha, munthu wotere lendi imene angakwanitse ndi ya cha m'ma R1,000, ndipo chipinda chovomerezeka cha mtengo umenewo pakati pa Joni ndi chosowa kwambiri. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Akamati nyumba zotsika mtengo amatanthauza zoti namwino, mphunzitsi kapena kalaliki wa ku banki akwanitse, ndipo anthu amenewa akufunikadi nyumba, koma pansi pawo pali chikhamu cha anthu amene palibe akuwamangira. Pogona pa anthu amenewa ndi m'nyumba za mdima zija basi, zina mwa izo za anyamata a kabuku aja.

Njira yachitatu ndi ya makhothi, ndipo apa andale amakonda kunena kuti manja athu ndi omangidwa, mabungwe akutiletsa kuchotsa anthu. Si zoona kwenikweni. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu asachotsedwe pakhomo pake popanda chigamulo cha khothi, ndipo lamulo la PIE la 1998 limafotokoza ndondomeko yake. Pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 khothi linati khonsolo izikambirana kaye ndi anthu moona mtima isanawachotse. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011 linati ngati anthu osauka akuchotsedwa, olo ndi mwini nyumba wamba, ndipo akasowa kolowera, khonsolo iwapezere pogona pongoyembekezera. Palibe pamene khothi linati anthu asachotsedwe m'nyumba yoopsa. Linati muwauze kopita. Khonsolo malo amenewo ilibe okwanira chifukwa sinawakonze, ndiye mlandu ukhala wa jaji bwanji? Ndipo pomwe anapereka malo, ena anali ndi malamulo achipongwe, ku malo ogona ongoyembekezera a Ekuthuleni anthu ankawatsekera panja masana onse olo ukudwala kapena wagwira ntchito usiku, mwamuna ndi mkazi wake kugona kosiyana, mpaka mu 2017 khothi linati zimenezo ndi kunyoza ulemu wa munthu.

Mlandu wa Olivia Road uja uli ndi phunziro limene anthu amaliiwala. Asanasamutse anthu a mu nyumba ya San Jose ku Berea, khonsolo ndi okhalamo anagwirizana kuti pakadali pano khonsolo ibweretse madzi akumwa, zimbudzi zonyamula, zozimitsira moto ndiponso ichotse zinyalala. Zinthu zotchipa, zosafuna tenda ya mabiliyoni. Izi zikanachitika pa 80 Albert Street mu 2019 bwenzi tikukamba nambala ina. Maganizo anga ndi omwewo, nyumba iliyonse imene injiniya waona kuti makoma ake ndi olimba ayambe kuikonza anthu ali momwemo. Atsegule makomo othawira, aike geti yotseguka kuchokera m'kati, mpopi ndi chimbudzi pa nsanjika iliyonse, mababu pa masitepe, mabodi alowedwe m'malo ndi zinthu zosagwira moto msanga, mita ya magetsi yolipiriratu. Alembe maina a onse okhalamo popanda kubwera ndi vani ya a Home Affairs, oona za mapepala a alendo, kumbuyo, chifukwa ukabwera ndi vani anthu amabisala ndipo kaundula wako amakhala wabodza. Kenako lendi ija ya R800 imene anthu akupereka kale kwa anyamata a kabuku izipita ku khonsolo kapena ku bungwe loyendetsa nyumbayo, ndi risiti. Anthu sakukana kulipira, akulipira kale mwezi ndi mwezi, kungoti ndalamayo sigula olo babu limodzi.

Ndipo chitsanzo chilipo. Bungwe la Madulammoho limayendetsa nyumba zoti munthu ali ndi chipinda chake chokhoma koma bafa, chimbudzi ndi khitchini ndi zogawana, mtengo wake umatsika chifukwa cha chimenecho. JOSHCO, kampani ya nyumba ya khonsolo, nayo ili ndi zina zotere. Kungoti ndi zochepa poyerekeza ndi anthu ofuna. Ena amati zimenezo ndi kubwezeretsa mahositelo a nthawi ya tsankho, ine ndimati kusiyana kulipo, ku hositelo unkaletsedwa kukhala ndi banja lako, kuno kiyi ndi wako. Munthu wochokera m'chipinda cha makatoni mukamupatsa chipinda cha njerwa chokhala ndi windo ndi chimbudzi choti amagwiritsa mabanja anayi sangadandaule, mufunseni. Komishoni ya a Khampepe itayendera nyumba zina zambiri inapezanso kuti zoyendetsedwa ndi anthu otolera lendi mwachinyengo ndi zochepa, zambiri ndi anthu osauka chabe osowa kolowera, m'zina muli makomiti a okhalamo amene amasonkhetsa ndalama yosesera ndi ya mlonda. Makomiti amenewo ndi poyambira pabwino, m'malo mowatenga ngati zigawenga.

Nyumba zina n'zoona sizingakonzeke, zigwetsedwe basi, koma ayambe akonza kopita anthu ndipo kukhale m'tauni momwemo, osati kuwataya kutchire komwe kulibe ntchito.

Ndikudziwa kuti ena akuno akawerenga izi anena kuti inu a Malawi bwererani kwanu, misonkho yathu isamangire alendo. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa pang'ono, munthu wadikira RDP zaka 15 ndipo akuona ngati tikumulanda malo. Koma sindikupempha nyumba yaulere, ndikupempha chipinda cha lendi chimene sichipha. Ndipo moto ukabuka sufunsa pasipoti, ozimitsa moto amene amalowa m'menemo ndi ana awo omwe. Komanso a Malawi sitinayambe lero kubwera kuno, agogo athu anakumba migodi ya golide kudzera ku Wenela ndi Theba, ndalama zimene zinamanga nyumba zitalizitalizi thukuta lawo lilimo.

Ifenso a Malawi tisadzichotse. Alipo anzathu amene akapeza chipinda amachidula pakati ndi katani n'kuyamba kulipiritsa achibale awo obwera kumene, bedi limodzi anthu awiri wina usiku wina masana, ndipo ena ndi amene amagwira kabuku kaja m'malo mwa mabwana awo. Alipo amene amaitana mng'ono wawo kumudzi kuti bwera kuno zinthu zili bwino, osamuuza kuti adzagona pati. Manyazi ndi amene akutipweteka, palibe amafuna kujambula chipinda chake chenicheni n'kutumiza kwa mayi ake.

Ndimalize ndi kwathu, poti wina anena kuti za ku Joni zikutikhudza bwanji. Kwathu kulibe nyumba za nsanjika 20 zosiyidwa, zoona, koma chaka chomwecho cha 2023 mu March namondwe Freddy anakokolola anthu ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Anthu amene anamanga m'phiri muja sanali openga, ndi pamene malo ankapezeka pa mtengo woti angakwanitse komanso poti akhoza kuyenda wapansi kupita ku ntchito ku Blantyre kapena ku Limbe. Chifukwa chake ndi chimodzimodzi ndi cha pa Albert Street. Malawi Housing Corporation ilipo kuyambira 1964 koma nyumba zake wogulitsa mandasi sazilota n'komwe, anthu ambiri a m'tauni ali ku Ndirande, Mbayani, Mtandire, Mgona, Chinsapo, m'nyumba za alandilodi za mdadada chimbudzi chimodzi mabanja khumi. Pomwe pakati pa Blantyre ndi Limbe ikakwana 6 koloko madzulo mashopu akatseka kumangoti zii, pamwamba pa mashopu ena akale palibe akukhalapo. Nkhani ya nyenyezi yofiira ija imene inayamba nthawi ya Kamuzu, yodinda nyumba zakutha kuti zigwetsedwe kapena zikonzedwe, imabwerabwera koma nthawi zonse imakambidwa ngati nkhani yokongoletsa tauni basi. Ndikufunsa makhonsolo athu kuti pa nyumba zimene zidzamangidwe m'malo mwa zogwetsedwazo, ndi zingati zidzakhale ndi zipinda za lendi pamwamba zoti mlonda wa pa shopu yomweyo angakwanitse? Amayi a Federation ya anthu osowa nyumba, amene amasunga ndalama m'magulu mothandizana ndi bungwe la CCODE, anaonetsa kale ku Angelo Goveya mu Blantyre kuti osauka akapatsidwa malo amamanga okha ndipo ngongole amabweza pang'onopang'ono. Chosowa ndi malo apafupi, ndipo malo ali m'manja mwa boma ndi makhonsolo.

Pempho langa kwa akazembe athu ku Pretoria ndi ofesi yathu ya ku Johannesburg ndi lakuti asamadikire maliro kuti tiwaone, akhale ndi kaundula wa nyumba zimene a Malawi adzazamo, aziyankhula ndi khonsolo komanso mabungwe ngati Inner City Federation amene amaimira okhala m'nyumbazi, ndipo munthu mapepala ake akapsa pa ngozi athandizidwe msanga asanakwezedwe vani. Kwa makolo kumudzi, mwana wanu akamati ndikupita ku Joni kwa achimwene, imbani foni mufunse achimwenewo kuti nyumbayo ili mseu uti, ali pa nsanjika yachingati, madzi amatunga kuti, masitepe otsikira alipo angati, ndipo geti ya pansi usiku kiyi amasunga ndani. Akayamba kuzungulira poyankha, muuzeni mwanayo adikire kaye mpaka apeze pena.

Ine wanu,
Mpenta wa ku Jeppestown, Johannesburg